Kuchititsa lendi m'bale wanu nyumba yangongole ku England

Nyumba imene munagula ndi ngongole ya buy-to-let (ngongole yogulira nyumba yoti muzichititsa lendi) si yanu nokha mpaka mutamaliza kubweza. Banki ili ndi mawu pa nkhani ya amene angalowemo, ndipo mabanki ambiri a ku Britain amalemba m'pangano kuti musaikemo m'bale wanu. Choncho mlongo wanu akafika kudzagwira ntchito ya unamwino, kapena mwana wanu akamayamba yunivesite ku Leicester, musathamangire kupereka makiyi. Yambani mwatulutsa mapepala a ngongoleyo, mufufuze ndime yonena za anthu amene saloledwa kuchita lendi m'nyumbamo.

Mabanki sakaniza izi chifukwa cha nkhanza. Ngongole wamba ya buy-to-let imatengedwa ngati ya bizinesi. Koma gawo lokwana 40% ya nyumba kapena kuposa likamagonedwa ndi inuyo kapena wachibale wapafupi, ngongoleyo imagwera m'malamulo a bungwe la FCA loyang'anira mabanki ndi ngongole, ofanana ndi a ngongole ya nyumba yokhalamo mwini wake. Achibale apafupi amenewa ndi mkazi kapena mwamuna wanu, makolo, agogo, ana, zidzukulu, ndi achimwene kapena achemwali anu enieni. Msuweni, amalume, azakhali ndi mwana wa mlongo wanu sali pamndandandawu, komabe mabanki ena amautambasula m'mapangano awo. Funsani pa imelo, mutchule ubale wake momveka, yankho lake mulisunge. Zimene wina anakuuzani pa foni sizidzakuthandizani tsiku la mlandu.

Ena amangomulowetsa m'baleyo mwakachetechete, amati banki idziwa bwanji. Imadziwa. Dzina la abambo lofanana limaonekera pa kaundula wa mavoti, pa mbiri ya ngongole, kapena pamene mukufuna kusintha ngongole n'kupemphedwa pangano la lendi. Mukapezeka mwaphwanya pangano, banki ili ndi mphamvu yoitanitsa ndalama zonse zotsala nthawi imodzi. Ndipo ngati munali ndi cholinga choikamo m'bale kuyambira pamene mumadzaza mafomu koma munabisa, umenewo ndi mlandu wa chinyengo.

Njira yolunjika ndi kusamukira ku ngongole imene amaitchula kuti regulated buy-to-let kapena family buy-to-let. Mabanki oipereka ndi ochepa, ambiri ndi ma building society, n'chifukwa chake broker, munthu wokufufuzirani ngongole m'mabanki osiyanasiyana, amathandiza pano. Kusiyana kwake kwakukulu ndi uku: pa buy-to-let wamba amayang'ana lendi, kawirikawiri amafuna kuti ikhale 125% kapena 145% ya chiwongola dzanja, pa ya banja amayang'ana kwambiri malipiro anu inuyo, ngati mungathe kubweza ngongoleyi pamodzi ndi ya nyumba imene mukugonamo. Anthu ambiri amagwa pamenepa. Musanasamuke onaninso ngati mudakali m'zaka za chiwongola dzanja chokhazikika, chifukwa kutuluka msanga kuli ndi chindapusa chake, ndipo chinalembedwa m'mapepala omwe aja.

Inshulansi nayo idziwe. Ya landilodi imafunsa mtundu wa anthu okhala m'nyumba, ndipo mukanena zabodza, paipi ikaphulika m'nyengo yozizira denga la pabalaza n'kugwa, kampani ikhoza kukana kulipira.

Tsopano mtengo wa lendi, pamene mtima umapondereza masamu. Tiyerekeze kuti mwatsala ndi ngongole ya £150,000 pa chiwongola dzanja cha 5%, ndipo mukulipira chiwongola dzanja chokha. Ndi £625 pamwezi. Nyumba zonga yanu m'deramo zikuchitidwa lendi pa £950, koma mchimwene wanu mwamuuza kuti azingopereka £600. Musanawerengere inshulansi, boila ndi zokonzakonza, mwayamba kale kuonjezera £25 ya m'thumba mwezi uliwonse. Boila ikafa mu January, ndalama yake ichokera kwa inu. Palibe cholakwika kuthandiza m'bale, koma dziwiranitu kuti thandizolo ndi la ndalama zingati pachaka, ndipo mkazi kapena mwamuna wanu avomereze chiwerengerocho asanalowe munthu.

HMRC, bungwe lotolera misonkho, ili ndi lamulo lake pa lendi yotsika dala. Mukachititsa lendi pamtengo wochepera wa pamsika, zimene mwawononga pa nyumbayo mungazichotse pa msonkho mpaka pa mlingo wa lendi imene mwalandira basi. Simungalembe kuti mwaluza n'kusunga kuluzako kuti kudzachepetse msonkho wa chaka china kapena wa nyumba ina. Komanso kuyambira April 2020 chiwongola dzanja sichichotsedwanso pa phindu kwa landilodi amene nyumba ili m'dzina lake. Amangokuchotserani 20% yake pa msonkho. Munthu amene malipiro ake amadulidwa 40% akhoza kupezeka akulipira msonkho pa nyumba imene m'thumba mwake sikumutsalira kanthu. Ngati n'koyamba kulandira lendi, lembetsani Self Assessment, njira yodzinenera nokha ku HMRC ndalama zimene mwapeza, pofika 5 October chaka cha msonkho chikatha, fomu ya pa intaneti ifike pofika 31 January.

Pangano lolembedwa likhalepo, ngakhale wolowayo ndi mwana wanu. Lilembe lendi, tsiku lolipira, amene alipire magetsi, gasi, madzi ndi council tax, ndi amene akuloledwa kugonamo. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwa ife. Nyumba imene munapatsa munthu mmodzi imadzaza msanga ndi alamu, asuweni ndi mnzawo amene wangofika kumene. Anthu 5 kapena kuposa ochokera m'mabanja osiyana akamagwiritsa ntchito khitchini kapena bafa limodzi, nyumbayo imafuna layisensi ya HMO (nyumba yokhalamo mabanja angapo) ku khonsolo, ndipo wolipira chindapusa ndinu. Lendi izidutsa ku banki ndi standing order. Ndalama zapamanja, kapena zoti mwezi uno ndatumiza kumudzi m'malo mwa lendi, zimasokoneza mabuku ndipo ndi gwero la mikangano. Jambulani chipinda chilichonse tsiku lolowa, ndi manambala a pa mita zonse.

Udindo wa landilodi suchepa chifukwa cha ubale. Gasi ayesedwe chaka chilichonse ndi katswiri wolembetsedwa ku Gas Safe, mawaya a magetsi pa zaka 5 zilizonse, EPC (satifiketi ya mmene nyumba imagwiritsira ntchito magetsi ndi gasi) isatsike pansi pa E, alamu ya utsi ikhalepo pansanjika iliyonse, ndi ya carbon monoxide m'chipinda chimene muli boila kapena mbaula. Ku England muyeneranso kuona right to rent, ufulu wochita lendi m'dzikomo, ya aliyense wa zaka 18 kupita m'mwamba asanalowe; m'bale wa viza akupatseni share code, nambala yotsimikizira ufuluwo, muione pa GOV.UK, musunge umboni wake. Mukatenga dipoziti isapitirire lendi ya masabata 5 ngati lendi ya pachaka ili pansi pa £50,000, ndipo muisungitse ku bungwe lovomerezeka losunga madipoziti, DPS, TDS kapena mydeposits, pasanathe masiku 30. Ku Scotland ndi Wales malamulo ake ndi ena.

Ngati m'baleyo akudalira Universal Credit, thandizo la ndalama la boma, kuti alipire lendi, nthambi yoipereka ya DWP idzafuna kukhutira kuti lendiyo ndi yeniyeni, osati yopangana kuti mudyere boma. Amayang'ana pangano, mtengo wake, ndi ngati mungamutulutsedi atasiya kulipira. Mukamagona m'nyumba imodzi ndi wachibale wapafupiyo, ndalama ya nyumba sapereka.

Funso la kutulutsa ndi lowawa, koma likambidwe makiyi asanaperekedwe. Chibale ndi fupa sichiola, koma banki sidikira kuti banja likhale pansi; mukadumpha mwezi, dzina loipa pa mbiri ya ngongole ndi lanu. Lamulo la Renters' Rights Act 2025 lachotsa njira ya Section 21, yotulutsa tenanti popanda kupereka chifukwa, kuyambira 1 May 2026, kotero kutulutsa tenanti kumafuna chifukwa chovomerezeka, monga ngongole ya lendi ya miyezi 3, kapena kufuna kugulitsa nyumba, kumene kumafuna notisi ya miyezi 4 ndipo sikutheka m'miyezi 12 yoyamba. Kusintha maloko kapena kudula magetsi ndi mlandu, ngakhale munthuyo ndi mng'ono wanu. Gwirizanani tsopano zochita ntchito yake ikatha: mudzapirira miyezi ingati, ndipo ndani m'banjamo adzakhale pakati.

Amene akubwerera ku Malawi n'kusiyira m'bale nyumba ali ndi chinthu chinanso. Mukakhala kunja kwa Britain miyezi 6 kapena kuposa pachaka, tenanti wolipira zoposa £100 pasabata amayenera kudula msonkho pa lendi n'kuutumiza ku HMRC, pokhapokha mutadzaza fomu ya NRL1 ndi kuloledwa kulandira lendi yonse. Banki nayo iuzidwe kuti mwasamuka. Ndipo mukadzaganiza zomugulitsa nyumbayo mwana wanu kapena mlongo wanu pamtengo wachifundo, Capital Gains Tax, msonkho wa phindu la kugulitsako, idzawerengedwa pa mtengo wa pamsika, osati umene mwagwirizana, ndipo kaya mukukhala ku Britain kapena kunja, muyenera kuinena ndi kuilipira pasanathe masiku 60 malonda atatsekedwa.