Dziwani Zimene Zimakudzutsirani Mutu Waching'alang'ala

Ngati mutu waching'alang'ala umakuvutitsani kawirikawiri, sungani kabuku kolembamo nthawi imene wayamba, zimene munadya, maola amene munagona ndiponso, kwa amayi, masiku a msambo. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzaona zimene zikubwerezabwereza, monga kukhala nthawi yaitali osadya, kusamwa madzi okwanira, nkhawa, mowa, kuwala kothobwa m'maso kapena fungo lamphamvu. Musafulumire kusala zakudya zambiri nthawi imodzi, chifukwa nthawi zina kulakalaka chokoleti kumakhala chizindikiro chakuti mutuwo wayandikira kale, osati chouyambitsa. Muzilembanso mankhwala ochepetsa ululu amene mwamwa n'kukaonetsa dokotala, popeza kumwa panado masiku 15 kapena kuposerapo mwezi uliwonse kungachititse kuti mutu uzipweteka pafupipafupi.