Momwe mungaphunzirire calculus mpaka kuimvetsa

Mayeso anga oyamba a calculus, masamu owerengera mmene zinthu zimasinthira, ndinalakwa. Kusekondale masamu ndinkawakhoza, anzanga ankachita kubwera pa desiki yanga kudzafunsa, ndiye pofika ku yunivesite ndinkaganiza kuti phunziroli silingandipatse chintchito. Pepala litabwerera ndinangolipinda n'kuliponya m'chikwama, ndipo tsiku limenelo nsima sinalowe. Patapita mlungu ndinalitulutsa n'kuyamba kutsata mzere ndi mzere pomwe cholembera chofiira chinadutsa. Zomwe ndinapeza zinandidabwitsa. Pa mafunso ambiri, gawo lenileni la calculus ndinalichita bwino. Ndinagwera pa ma fraction, pomasula mabulaketi, ndi pa kachizindikiro ka minus komwe ndinakataya panjira. Zinthu za Fomu 2.

Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikuthandiza ophunzira a chaka choyamba, ndipo nthenda imene ndimaipeza kawirikawiri ndi yomweyo. Ngati mwasankhidwa kukachita uinjiniya ku MUBAS, sayansi ku UNIMA ku Zomba, kapena maphunziro ena a masamu, sayansi ndi zachuma ku MUST, ku Mzuni kaya ku LUANAR, mudzakumana nayo calculus. Ena munailawa kale mu Additional Mathematics. Ndi yovutadi, sindikunamizani. Koma ili ndi njira yake.

Yambani mwatseka mabowo a m'mbuyo

Semesita isanatenthe, tengani milungu iwiri kapena itatu kubwerera ku algebra. Dziyeseni nokha popanda kusuzumira m'buku. Kodi (a + b)² mumaimasula bwanji? Ngati dzanja lanu lathamangira kulemba a² + b², mwasiya 2ab, ndipo bowo limenelo lidzakutayitsani malikisi chaka chonse. Yesani kuchotsera 1/x pa 1/(x + h) kuti mupeze fraction imodzi. Yesani kufakitolaiza x² − 5x + 6 osaima. Bwererani ku malamulo a ma index ndi ma logarithm, ku sine, cosine ndi tangent, komanso ku girafu ya mzere wowongoka ndi mmene timapezera gradient yake.

Pali chinthu china chomwe ambiri amachipeputsa: ma radian. Mu calculus ngodya timaziyeza mu ma radian, pomwe madigiri 180 ndi π. Lamulo lakuti derivative (mmene chinthu chikusinthira mofulumira, tifotokoza kutsogoloku) ya sin x imakhala cos x limagwira ntchito mu ma radian basi. Ndaonapo wophunzira atalemba njira yonse molondola koma yankho n'kutuluka lachilendo chifukwa kakyuleta yake inali pa DEG m'malo mwa RAD. Muziyang'ana kamawu kameneko pamwamba pa sikirini musanadine chilichonse.

Musachite manyazi kubwereka buku la mng'ono wanu la Fomu 3. Palibe amene adzakufunseni komwe munaphunzirira.

Dziwani funso lomwe calculus ikuyankha

Dzinali ndi la Chilatini, limatanthauza kamwala kakang'ono, monga timiyala tomwe anthu akale ankawerengetsera zinthu. Phunzirolo linakhazikitsidwa ndi anthu awiri, aliyense payekha: Isaac Newton wa ku England, yemwe anaganizira zambiri mwa izi mu 1665 ndi 1666 ali kwawo ku Woolsthorpe pomwe yunivesite ya Cambridge inatsekedwa chifukwa cha mliri, ndi Gottfried Wilhelm Leibniz wa ku Germany, yemwe anasindikiza njira yake mu 1684. Zizindikiro zomwe mudzazilembe mpaka chala kuuma, dy/dx ndi ∫, ndi za Leibniz.

Mafunso omwe ankalimbana nawo ndi awiri okha. Loyamba: chinthu chikusintha mofulumira bwanji pa kamphindi kano? Lachiwiri: zosintha zing'onozing'ono zonsezo tikaziphatikiza, zaunjikana zochuluka bwanji? Loyambalo ndi differentiation, lachiwiri ndi integration. Mutu uliwonse watsopano aphunzitsi akauyamba, dzifunseni kuti uli mbali iti mwa ziwirizi.

Apa ndikufuna tichedwepo, chifukwa mukamvetsa chitsanzo ichi mwagwira mtima wa phunziro lonse. Mwasiya mwala kuti ugwere m'chitsime chakuya. Mtunda womwe wagwa pakatha masekondi t ndi pafupifupi mamita 5t². Nambala yeniyeni ili pafupi ndi 4.9, koma 5 itipeputsira ntchito. Pakatha masekondi 2, mwala wagwa mamita 20. Nanga liwiro lake pa sekondi yachiwiriyo ndendende ndi lotani? Simungangogawa 20 ndi 2, chifukwa mwalawo unayamba pang'onopang'ono n'kumawonjezera liwiro.

Tengani kakyuleta. Pa masekondi 2.1 mwala wagwa mamita 22.05. Ndiye kuti m'kanthawi ka 0.1 wayenda mamita 2.05, liwiro lake n'kukhala 20.5. Fupikitsani kanthawiko. Pa masekondi 2.01 wagwa mamita 20.2005, ndipo mukagawa 0.2005 ndi 0.01 mupeza 20.05. Fupikitsaninso kufika pa 2.001, mupeza 20.005. Mwaona komwe manambalawa akulowera? Akuyandikira 20. Nambala yomwe ikuyandikiridwayo ndiyo limit, ndipo liwiro la mamita 20 pa sekondi ndilo derivative pa t = 2. Musangowerenga ndime ino. Chitani nokha ndi manja, muone manambala akusendera.

Ma limit akakuzunguzani mutu, makamaka akafika pa epsilon ndi delta, zilembo za Chigiriki zomwe amafotokozera nazo limit mwatsatanetsatane, musadziyese mbuli. Akatswiri eni ake anagwiritsa ntchito calculus zaka zoposa 100 maziko ake asanalongosoledwe bwino. Bishopu George Berkeley anawadzudzula poyera mu 1734 kuti akugawa ndi tinthu tomwe sakutha kutifotokoza, ndipo zinatengera anthu ngati Augustin-Louis Cauchy ndi Karl Weierstrass m'zaka za m'ma 1800 kuti nkhani ya limit ikhazikike. Inu mukupatsidwa milungu yochepa chabe. Kuvutika nazo n'koyenera.

Tulutsani lamulo nokha, kenako mulowezeni

Kusekondale ambirife tinapulumukira kuloweza. Mu calculus kuloweza kokha kumakufikitsani pa mayeso oyamba, kenako kumakusiyani padzuwa. Sindikunena kuti musaloweze, ayi. Malamulo a power rule, product rule, quotient rule ndi chain rule ayenera kukhala m'mutu ngati nambala ya foni yanu. Koma lililonse muyambe mwaona komwe lachokera, ngakhale kamodzi kokha.

Tengani x². Lembani (x + h)² − x², mugawe ndi h. Mukamasula mupeza 2x + h. Pamene h ikuchepera kulowera ku 0, chotsala ndi 2x. Ndi zomwe tinachita ndi mwala uja, kungoti tsopano ndi zilembo. Mukachita zimenezi ndi x³ komanso 1/x, lamulo la power rule silidzakhalanso chinthu chogwa kumwamba.

Chain rule ndi yomwe imagwetsa anthu ambiri. Muziiona ngati katundu wokulungidwa kawiri: pali chakunja, pali chamkati. Pa (3x + 1)⁵, chakunja ndi mphamvu ya 5, chamkati ndi 3x + 1. Yambani ndi chakunja, mupeza 5(3x + 1)⁴, kenako muchulukitse ndi derivative ya chamkati, yomwe ndi 3. Yankho ndi 15(3x + 1)⁴. Amene amaiwala 3 uja ndi ochuluka zedi. Ine ndimauza ophunzira kuti azizunguliza chamkaticho ndi pensulo asanayambe.

Ndipo muzijambula. Funso lililonse lomwe lingatheke kujambulidwa, jambulani girafu yake ngakhale yokhotakhota. Derivative ndi kutsetsereka kwa girafu pamalo amodzi: pomwe msewu ukukwera ndi positive, pomwe ukutsika ndi negative, pamwamba penipeni pa chitunda ndi 0.

Mukafika pa integration

Integration imavuta kuposa differentiation, ndipo chifukwa chake chilipo. Pa differentiation mukatsata malamulo mufika basi. Pa integration muyenera kuyamba mwazindikira mtundu wa funso, n'kusankha njira: substitution, by parts kapena partial fractions. Diso lozindikira limenelo limabwera ndi kuchuluka kwa mafunso omwe mwachita, palibe chidule.

Koma tanthauzo lake muli nalo kale m'nyumba. Mita ya magetsi ya ESCOM imachita integration usana ndi usiku. Mukayatsa babu imodzi mayunitsi amatha pang'onopang'ono, mukalumikiza ayironi amathamanga, ndipo mitayo imaphatikiza zonsezo kamphindi ndi kamphindi n'kukuchotserani. Chizindikiro cha ∫ chija ndi S wotalikitsidwa, kuimira liwu la Chilatini lotanthauza kuphatikiza.

Bwererani ku mwala uja. Liwiro lake pa nthawi t ndi 10t, yomwe ndi derivative ya 5t² uja. Jambulani girafu ya liwiroli kuchokera pa 0 kufika pa 2, mupeza thirayango ya tsinde 2 ndi msinkhu 20. Malo ake ndi theka la 2 kuchulukitsa ndi 20, omwe ndi 20. Ndi mamita 20 omwe aja mwala unagwa. Kuchokera pa mtunda tinapeza liwiro, kuchokera pa liwiro tabwerera ku mtunda. Chimenechi ndicho amachitcha Fundamental Theorem of Calculus, ndipo tsiku lomwe ndinachiona ndi maso anga papepala ndi tsiku lomwe ndinasiya kuliopa phunziroli.

Ubwino wina ndi wakuti yankho la integration mutha kulitsimikiza nokha: lichiteni differentiation, muone ngati mwabwerera pomwe munayambira. Ndipo musaiwale + C, nambala yosasintha yomwe timawonjezera kumapeto kwa yankho chifukwa derivative yake ndi 0.

Igwiritseni ntchito pa zinthu zomwe mumazidziwa

Funso lakuti "kodi zimenezi zidzandithandiza chiyani" ndi labwino, musalikwirire. Tinene kuti muli ndi waya wa mamita 40 womangira khola la nkhuku, ndipo mbali imodzi mugwiritsa ntchito khoma la mpanda lomwe lilipo kale. Mumange bwanji kuti nkhuku zikhale ndi malo aakulu? Mbali ziwiri zochoka pakhoma zikhale x iliyonse, yotsalayo ikhala 40 − 2x. Malo onse ndi 40x − 2x². Derivative yake ndi 40 − 4x, ndipo ikakhala 0, monga pamwamba pa chitunda paja, x ndi 10. Khola la mamita 10 ndi 20 likupatsani masikweya mita 200. Mukanamanga la mbali zonse zofanana mukanapeza osakwana 178, ndi waya yemweyo.

Maganizo omwewa ndi omwe injiniya amagwiritsa ntchito powerengera mmene mtanda wa mlatho ungapindikire ukasenza lole, kapena kuchuluka kwa madzi odutsa mu Shire pa Kamuzu Barrage ku Liwonde kupita kumalo opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Wazachuma akamakamba za marginal cost, ndalama zowonjezera zomwe zimalowa popanga chinthu china chimodzi, akukamba za derivative. Azaumoyo amawerengera nayo mmene mankhwala amachepera m'magazi ndi mmene matenda amafalikira. Si onse omwe adzakhale akulemba dy/dx kuofesi, zambiri masiku ano imawerengera ndi kompyuta. Koma wosadziwa chomwe kompyutayo ikuchita sangazindikire ikamupatsa yankho lolakwika. Komanso maphunziro a chaka chachiwiri ndi chachitatu, monga differential equations, mechanics ndi statistics, amamangidwa pamwamba pa zomwezi.

Kachitidwe ka tsiku ndi tsiku

Ola limodzi tsiku lililonse limaposa kuchezera usiku wonse mayeso ali mawa. Zomwe mwaphunzira m'kalasi muzichitire mafunso tsiku lomwelo zisanazizire. Chitsanzo cha m'buku muchiphimbe ndi pepala, muyese nokha, kenako muyerekeze. Kuwerenga yankho la wina n'kumagwedeza mutu kumanyenga kwambiri, mumaona ngati mwamva pomwe dzanja silinaphunzire kanthu.

Khalani ndi kope lapadera lolembamo zolakwa zanu zokha: funso, pomwe munaphonya, ndi chifukwa chake. Pakatha mwezi mudzaona kuti mumagwera m'maenje awiri kapena atatu omwewo.

Mutu umodzi susenza denga, choncho pezani anzanu atatu kapena anayi, osapitirira apo. Lamulo la gululo likhale lakuti aliyense abwere atayesa kale, ndipo aliyense aimirire kufotokozera anzake. Gulu lomwe mmodzi amalemba ena n'kumakopera silithandiza munthu. Ku ma tutorial musajombe, ndipo popita kwa aphunzitsi mutenge pepala lomwe mwayeserapo, muwaonetse mzere womwe mwakanirira. Akaona kuti mwayesa amakuthandizani ndi mtima wonse.

Ngati muli ndi foni yaintaneti, GeoGebra ndi Desmos zimajambula magirafu kwaulere, ndipo Khan Academy ndi MIT OpenCourseWare ali ndi maphunziro a calculus osalipira. Bandulo ndi yodula, ndiye koperani mavidiyo mukapeza Wi-Fi ya pasukulu. Mapulogalamu omwe amatulutsa yankho mukangojambula funso muziwagwiritsa ntchito potsimikiza zomwe mwachita kale, chifukwa m'chipinda cha mayeso simudzalowa nawo.

Kukatsala milungu itatu kuti mulembe, funani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ku laibulale kapena kwa a chaka chachiwiri. Khalani pansi, tsekani mabuku, tcherani nthawi monga mmene zidzakhalire tsikulo. Polemba mayeso enieniwo yambani ndi funso lomwe mukulidziwa bwino, ndipo muzionetsa njira yonse mzere ndi mzere, chifukwa aphunzitsi ambiri amapereka malikisi pa njira ngakhale yankho lomaliza litaphonyeka. Mukatsala ndi mphindi khumi, bwererani pamwamba n'kuyang'ana zinthu zitatu: ma minus, mabulaketi, ndi + C.