Nambala ya mlandu si nambala ya chigamulo

M'chikalata chomwe tinkakonzera khoti kuno ku Harare, mlandu wa Mudzuru, womwe unaletsa maukwati a ana, unalembedwa ndi nambala 79/14. Bwana ataufufuza pa ZimLII, tsamba la pa intaneti la zigamulo za makhoti a ku Zimbabwe, sanaupeze msanga, ndipo anandiitana: "Achimwene, taonani apa."

Vuto linali loti 79/14 ndi nambala ya faelo, yomwe mlandu umalandira ukangolowa m'khoti. Chigamulo chili ndi yakeyake, CCZ 12/2015, ngakhale chinaperekedwa mu Januwale 2016. Chaka chimenechi chimasokoneza ambiri. Ndinatsegula chigamulocho n'kukopera nambala ili pamwamba pa tsamba loyamba, kenako ndinachita chimodzimodzi ndi milandu yonse.

Zilembo za pa nambala ya chigamulo zimanena khoti: CCZ ndi Constitutional Court ya ku Zimbabwe, HH ndi High Court ya ku Harare, HB ya ku Bulawayo, SC ndi Supreme Court. Mlandu ukakhala kuti unasindikizidwa m'mabuku a zigamulo a Zimbabwe Law Reports (ZLR), ine ndimatsogoza chaka, voliyumu ndi tsamba la mu ZLR, poti woweruza amathamangira pomwepo.

Panalinso "Republic v" mmodzi, chizolowezi cha kwathu ku Malawi. Kuno milandu yaupandu imayamba ndi "S v" (S ndi State, kutanthauza Boma), ndiye ndinasintha.