Kukulitsa maselo a minofu ya aorta ya mbewa pofufuza matenda a mitsempha ya magazi

Mukalandira chilolezo cha komiti yoyang'anira nyama zofufuzira, tengani mbewa zitatu mpaka zisanu za mtundu wa C57BL/6, za masabata 8 mpaka 12. Aorta (mtsempha waukulu wa magazi wochoka mu mtima) imodzi imapereka maselo ochepa kwambiri, nchifukwa chake amaziphatikiza. Dulani chigawo chimodzimodzi nthawi zonse, makamaka cha m'chifuwa chotsikira m'munsi, chifukwa maselo a pokhotera pa aorta amachokera ku neural crest (gulu lapadera la maselo a mwana wosabadwa) ndipo samva mankhwala mofanana ndi enawo.

Tsukani mtsemphawo mu PBS (madzi a mchere otsukira maselo) yozizira, muchotse mafuta, kenako muuviike mu collagenase type II (mankhwala osungunula ulusi wolumikiza maselo) ya 1 mg/mL kwa mphindi 10 pa 37°C. Chikopa chakunja, adventitia, chimavuka ngati sokosi. Apa musapupulume. Kachidutswa kotsalira kamabweretsa ma fibroblast, maselo a mtundu wina amene amaswana msanga n'kudzaza mbale yonse inu mukuganiza kuti maselo anu akukula bwino. Ng'ambani mtsemphawo mlitali, palani mkati pang'onopang'ono kuchotsa endothelium (maselo okuta mkati mwa mtsempha), dulani tizidutswa ta 1 mpaka 2 mm, ndipo tisungunuleni ndi collagenase ndi mankhwala ena osungunulira otchedwa elastase. Kukhalitsa mu elastase kumapha maselo.

Bzalani maselowo mu DMEM (madzi a chakudya cha maselo) yokhala ndi 20% FBS (seramu, madzi a m'magazi a mwana wa ng'ombe wosabadwa) ndi mankhwala opha mabakiteriya a penicillin-streptomycin, pa 37°C ndi 5% CO2. Mbaleyo musaigwedeze masiku asanu oyamba. Maselo akagwira, tsitsani FBS kufika 10%.

Poyesa ngati maselowo ndi a minofu enieni, α-SMA (puloteni yowazindikirira) yokha sikwanira, popeza ma fibroblast okhala m'mbale nawonso amaionetsa. Yesaninso mapuloteni ena a maselo a minofu, calponin, SM22α ndi MYH11, komanso CD31, puloteni ya endothelium, kuti muone ngati endothelium yatsalira. MYH11 imazilala maselo akamasamutsidwa kangapo, chifukwa amasiya khalidwe lokungika n'kuyamba loswana. Gwiritsani ntchito a passage 3 mpaka 6 (osamutsidwira m'mbale yatsopano katatu mpaka ka 6), ndipo magulu onse oyerekezedwa akhale a passage imodzi.

Musanawapatse PDGF-BB (puloteni yolimbikitsa maselo kuswana ndi kusuntha) ya 20 ng/mL poyesa kuswana kapena kusuntha kwawo, asiyeni maola 24 mu 0.5% FBS, apo ayi seramu ibisa zotsatira. Pofufuza kuuma kwa mitsempha chifukwa cha kuunjikana kwa kashiamu, kwezani phosphate kufika 3 mM kwa masiku 7 mpaka 14, kenako thirani Alizarin Red, utoto woonetsa kashiamu. Maselo akufa nawo amagwira kashiamu, choncho yesaninso kuchuluka kwa amoyo.

MOVAS, mtundu wa maselo a minofu ya aorta ya mbewa okonzedwa kale, ndi yosavuta kusunga, koma inasinthidwa ndi SV40 large T antigen (puloteni ya kachilombo ka vairasi) kuti iziswana osaleka. Zimene mwapeza pa kuswana kwake zitsimikizeni pa maselo otengedwa ku mbewa.