Ndiwo zakwathu zilipo mu Lusaka, tingosiya kuzilambalala

Ambiri mwa ife tikakhazikika mu Lusaka, mphika umasintha. Kumudzi masamba ankathyoledwa kuseri kwa nyumba, koma wochita lendi chipinda ku Chawama, Kanyama kapena Mtendere alibe dimba. Amaweruka mochedwa, n'kugula repu kapena kabichi woduladula kale pa kantemba, mawa chimodzimodzi, ndipo mwezi ukatha m'thumba mukalemera ndi soseji ndi tchipisi. Repu si woipa ayi. Chovuta n'kudya mtundu umodzi chaka chonse pamene misika yadzaza ndi ndiwo zimene tinakulira.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku, osawerengera mbatata, mbatatesi ndi chinangwa. Kunena mwachidule, zodzaza dzanja kasanu. Kamasamba kaja timaika m'mphepete mwa mbale kuti nsima ingotsetsereka sikafika pamenepo.

Pa msika wa Soweto kapena wa City Market funsani ndi mayina akuno kuti musabwerere chimanjamanja: nkhwani amati chibwabwa, kholowa ndi kalembula, chigwada ndi katapa, bonongwe ndi bondwe, therere ndi delele. Masamba obiriwira kwambiri ngati amenewa ali ndi zimene thupi limapangira vitamini A, yothandiza maso ndi chitetezo, komanso ayironi ndi foleti zimene magazi amafuna. Kabichi woyera uja amachepekedwa pa zimenezi, ngakhale amaoneka wochuluka mumphika. Kwa mayi woyembekezera kapena mwana amene kuchipatala anena kuti magazi ndi ochepa, bonongwe ndi nkhwani zisamasowe, koma mapiritsi amene apatsidwa ku sikelo asasiyidwe. Mukalawirira ku Soweto m'mamawa, alimi akutsitsa katundu, mtengo umakhala wabwino kuposa wa m'makomboni. Musonkherane ndi anzanu awiri atatu, mmodzi apite, mugawane.

Komwe timataya zambiri ndi pamoto. Soda amafewetsa nkhwani msanga n'kuusiya wobiriwira mokongola, koma amawononga vitamini C ndi ena a gulu la B. Pa therere ndikudziwa kuti ambiri sangamve, choncho ikani pang'ono chabe. Pa nkhwani ndi bonongwe palibe chifukwa: sadzulani bwino, tsukani musanadule, ikani m'madzi ochepa owira kale, vundikirani, phulani asanasanduke akuda. Madzi otsala musakhuthule, zina zabwino zasungunukira momwemo. Chigwada chokha ndicho chosiyana. Chimafuna kusinjidwa ndi kuwiritsidwa mokwanira, poto ali wosavundikira, chifukwa chosapsa chili ndi poizoni wa m'chinangwa.

Nsinjiro musazione ngati zachimidzi. Vitamini A wa m'masamba amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, ndipo mtedza umabweretsa mafutawo pamodzi ndi zomanga thupi. Anzathu a kuno amakonda kwambiri ifisashi, kumene ndi kutendera kwathu komwe kuja. Kungoti mtedza muzisankha, wachuku ndi wofota mutaye, chifukwa chukucho chimawononga chiwindi. Ayironi wa m'masamba naye amafuna mnzake, vitamini C: tomato wothira chakumapeto, madzi a mandimu, kapena gwafa mukatha kudya. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironi, ndiye kapu ija idikire ola limodzi kapena awiri.

Palinso nkhani ya ufa. Thumba la breakfast ndi loyera, lokoma pakamwa, koma gaga wambiri wachotsedwa. Wa roller ndi woyandikira mgaiwa ndipo nthawi zambiri ndi wotsikirapo mtengo. Ngati pakhomo anazolowera breakfast, masamba ndi nyemba zichuluke, apo ayi kudzimbidwa sikuchedwa.

Zipatso tsatirani nyengo yake, ndi yofanana ndi yakwathu. Masuku ndi mango zimadza mvula ikamayamba, magwafa chakumapeto kwa dzinja, malalanje ndi manachesi m'nyengo yozizira, masau ndi malambe m'chilimwe. Mango ndi papaya wakupsa amapereka vitamini A. Gwafa, amene ana amaponyerana pamsewu, ali ndi vitamini C woposa wa lalanje pafupifupi kanayi. Malambe, amene kuno mudzamva akuti mabuyu, ndi abwino kusungunulira m'phala la ana. Mapeyala, kapena kuti kotapela, ali ndi mafuta abwino ndipo pa buledi amaposa majarini. Maapozi ndi mphesa za m'masitolo akuluakulu n'zabwino, koma palibe chimene zikuposa gwafa kupatula mtengo. Juwisi wa m'botolo asakunamizeni, wambiri ndi shuga ndi madzi. Odwala shuga adye chipatso chathunthu, chimodzi panthawi, osati beseni la mango. Amene ali ndi vuto la impso afunse dokotala za nthochi ndi mapeyala. Mukapeza mbatata yofiira mkati, gulani, ana amaikonda ndipo ili ndi vitamini A wochuluka.

Nyengo ya mango ndiyonso ya kolera. Amene analipo kumayambiriro kwa 2024 akukumbukira kuti bwalo la masewero la Heroes Stadium linasanduka chipatala cha odwala matendawa. Chipatso chilichonse chitsukidwe ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, musende nokha, ndipo mavwende kapena chinanazi chodulidwa kale pamsewu chisiyeni mvula ikamagwa. Masamba amene simukudziwa madzi amene anathiriridwa aphikidwe, asadyedwe aawisi.

Furiji nayo si yodalirika chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, kumene kunafika poipa mu 2024 madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba. Nkhwani ndi khwanya zikatchipa m'dzinja, gulani zambiri mufutse. Viikani m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, yanikani pa lichero pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa lamphamvu limene limapha vitamini A, ndipo phimbani ndi kansalu kopyapyala chifukwa fumbi la mu Lusaka silichita manyazi. Ukauma gwa, mfutsowo sungani m'chigubu chotseka bwino, udzakuthandizani mu Seputembala ndi Okutobala masamba akayamba kudula.