Ponyamula thumba, msana usawerame

Inu amene mumakweza matumba a mbatatesi pamsika wa ku Ulongué, tamverani. Ine ndinagonapo mlungu wathunthu chifukwa chodzutsa thumba la makilo 50 nditawerama ngati ndikupalira.

Imani pafupi kwenikweni ndi thumbalo, mapazi motalikirana pang'ono. Pindani mawondo, msana uli chiwongokere, likumbatireni mpaka likhudze pamimba, ndiye dzukani ndi mphamvu ya ntchafu. Potembenuka sunthani mapazi, osapotoza chiuno.

Paja minofu siikankha fupa, imangokoka. Katundu akatalikira ndi thupi, minofu ya kumsana imakoka movutikira kwambiri. Tayesani kugwira ndowa yodzaza madzi mutatambasula mkono, muona. Minofu ya m'ntchafu ndi m'matako ndiyo ikuluikulu, isiyireni ntchitoyo. Likakanikabe, itanani mnzanu mugwirizane.