Momwe mungajambulire kanema wa nyimbo muli pasukulu, ndi foni yomwe muli nayoyo

Ophunzira a ku UNZA (University of Zambia) ndi a m'makoleji a Evelyn Hone ndi ZAMCOM akujambula makanema a nyimbo za anzawo tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri ali ndi diso labwino. Chimene chimandiwawa pa makanema a achinyamata mu Lusaka muno n'choti amaonongeka pa zinthu zosafuna ngakhale ngwee imodzi: milomo ya woyimba kwina, mawu kwina, nkhope yada bii pomwe thambo kumbuyo kwake likuwala mbee. Kamera yodula sikonza zimenezi. Zimakonzeka ndi dongosolo, ndipo dongosolo lake ndi ili.

Yambani ndi nyimbo. Musajambule kalikonse woyimba asanakupatseni nyimbo yomalizidwa kusitudiyo. Akakuuzani kuti "tijambuliretu, producer amaliza mawa", kanani mwaulemu, chifukwa producer akangowonjezera kapena kudula masekondi awiri okha, milomo yonse imene munajambula siigwirizananso ndi mawu. Mukailandira, imvereni mobwerezabwereza muli ndi pepala m'manja. Lembani kuti vesi yoyamba ikuyamba pa sekondi yanji, kolasi ikulowa pati, ng'oma zikusiya pati. Pambali pa chigawo chilichonse lembani chimene woonera adzaone. Ganizo likhale limodzi. Nyimbo ya mnyamata wosowa ya basi yopita kwa bwenzi lake ku Chilenje siifuna galimoto yobwereka ndi dziwe losambiramo. Ifuna siteshoni, kondakitala, ndi nkhope ya munthu amene akuwerenga makobidi m'dzanja.

Kenako malo. Awiri kapena atatu akwana, ndipo akhale oyandikana, kuti tsiku lisathere pamzere wa magalimoto mu Great East Road. Amene ali ku UNZA ali ndi Goma Lakes pakhomo pomwe, ndipo Kalingalinga ndi wongoyenda pansi. Pitani mukaone malowo pa ola lomwelo limene mudzajambule, kuti mudziwe kumene dzuwa limakhala ndi kuchuluka kwa anthu. Mu September ndi October mitengo ya jacaranda imachita maluwa m'misewu yambiri ya mumzinda, koma ndi nyengonso ya fumbi ndi kutentha. Kuyambira November mpaka March konzekerani mvula, mukhale ndi malo ena ofolera.

Pemphani chilolezo, ndipo pa ichi sindinyengerera. Kumsika monga Soweto kapena City Market, yambani mwaonana ndi akuluakulu a msikawo. Ku mall, pitani ku ofesi ya oyang'anira. Pafupi ndi polisi, kampu ya asilikali kapena State House musayerekeze n'komwe. Drone siuluka mwachisawawa, ili ndi malamulo ake ku Civil Aviation Authority, ndipo kanema wanu woyamba akhoza kukongola popanda iyo. Mukalowa mukomboni kumbukirani kuti mwalowa pakhomo pa anthu. Apatseni moni amayi a pakantemba, afotokozereni chimene mukuchita, gulani madzi kapena zitumbuwa pomwepo. Akakana kuoneka, tembenuzani kamera. Ana musawajambule makolo awo asanavomere, ngakhale adzikhamukire okha kudzavina.

Tsopano kuwala, pamene pagona nkhani yonse. Kuno dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko ndi kulowa cha m'ma 18 koloko, kusiyana kwake m'chaka n'kochepa. Nthawi yabwino ndi ola loyamba m'mawa ndi ola lomaliza madzulo, pamene kuwala kumabwera chammbali, kofewa, ndipo khungu lakuda limaoneka ndi ulemerero wake wonse. Masana dzuwa lili paliwombo, maso amalowa mumthunzi, chipumi chimanyezimira ndi thukuta, woyimba amatsinzina. Ngati palibe kuchitira mwina, mulowetseni pamthunzi wa mtengo kapena pakhonde, ayang'ane kumene kukuchokera kuwala. Pezani katoni yaikulu, muimate pepala loyera mbali imodzi ndi foil ya kukhitchini mbali inayo, kuti izibweza kuwala pankhope. Mnzanu aigwire chapafupi ndi chifuwa cha woyimba, kunja kwa chithunzi, aipendeketse pang'onopang'ono mpaka muone timaso tiwiri towala tatulukira m'maso mwake. Mukationa timeneto, nkhope yadzuka. Foni ikasiyidwa yokha imayesa kuwala kwa chithunzi chonse, thambo lowala n'kuipusitsa, n'kudetsa munthu. Dinani pankhope ya woyimba pa sikirini ndi kugwira chala mpaka foni itseke muyeso wa kuwala pamenepo, kenako kwezani kapena kutsitsa kuwala potsata khungu la woyimbayo. Thambo likayera mopitirira, lisiyeni. Anthu abwera kudzaona munthu.

Usiku ndi wovuta kwa foni. Ngati nkhani ifunadi usiku, gwiritsani nyale za LED zotchaja zimene tonse tinagula chifukwa cha kuzimazima kwa malaiti, muzikute ndi nsalu yoyera yopyapyala kuti zisabaye.

Pa foniyo, pukutani galasi la kamera musanayambe chigawo chilichonse. Ikani pa 25 fps (zithunzi 25 pa sekondi) ngati foni kapena app yanu ilola, chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi), ndipo pa 30 fps mababu ena amaphethira m'chithunzi. Sankhiranitu kumene kanemayo akupita: chopingasa, 16:9, ndi cha YouTube ndi TV, choimirira, 9:16, ndi cha TikTok. Ikani pa airplane mode, tsimikizani kuti muli malo okwanira, tengani power bank yodzaza. Zoom ya zala iwaleni, sunthani miyendo.

Tsiku lojambula, sipika ikhale yamphamvu ndipo woyimba ayimbe mokweza ndithu, osati kungogwedeza milomo. Munthu akamayimba zoona mitsempha ya pakhosi imaoneka, mapewa amakwera popuma, ndipo woonera amakhulupirira. Pa malo alionse jambulani nyimbo yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto katatu: kamodzi chapatali thupi lonse likuoneka, kamodzi kuyambira m'chiuno, kamodzi nkhope yokha. Ndi ntchito yotopetsa, koma ndiyo idzakupulumutseni pa kompyuta, chifukwa pa mzere uliwonse wa nyimbo mudzakhala ndi posankha. Musazimitse maikolofoni ya foni. Mawu a sipika amene yagwira ndi amene adzakuthandizeni kulumikiza chithunzi ndi nyimbo yeniyeni. Mukafuna kuti woyimba aziyenda mwapang'onopang'ono koma milomo ikugwirizanabe, jambulani pa 50 fps nyimbo ikulira mothamanga kawiri, kenako pokonza mubweze chithunzicho pa 25. Woyimba ayesereretu kunyumba, chifukwa kuyimba pa liwiro limenelo kumapiringiza lilime.

Mukatha zimenezo jambulani tinthu ting'onoting'ono: mapazi ovina pafumbi, dzanja likumanga chitenje, utsi wa mbaula, zolemba za kumbuyo kwa minibasi. Chilichonse chikhale masekondi khumi foni osagwedezeka. Ndipo anthu anu adye. Ovina amene ayamba m'mawa ndi tiyi yekha, pofika 15 koloko miyendo imakhala italemera, kamera n'kuonetsa zonse.

Usiku womwewo koperani mafayilo onse pa laputopu ndi pa flash kapena hard drive ina. Musafufute kanthu mufoni musanatsegule makope onse awiri n'kuona kuti akusewera.

Pokonza, CapCut ikwana pa foni, ndipo DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere ngati laputopu yanu ili ndi mphamvu. Mu app yokonzerayo ikani nyimbo yeniyeni pa mzere wapansi, muitseke isasunthe. Ikani zigawo zonse zoyimba pamwamba pake, chimodzi pamwamba pa chinzake, mufananize mafunde a mawu, timizere tokwera ndi kutsika timene app imaonetsa, poyang'ana pamene ng'oma yoyamba ikugunda, kenako muzimitse mawu a foni. Yesani pa mawu okhala ndi "m", "b" kapena "p": milomo iyenera kutsekeka pa nthawi yomwe mawuwo akumveka. Dulani potsata kugunda kwa nyimbo, koma osati pa kugunda kulikonse. Vesi ipume, kolasi ithamange. Pamene woyimba akunena mawu amene nyimbo yonse yatsamirapo, khalani pankhope yake, musathawire ku malo okongola. Zokometsera zothwanima ndi zozungulira zimene app imakupatsani zisiyeni, ndipo posintha mitundu samalani kuti khungu lisasanduke lofiirira ngati njerwa kapena lotuwa.

Kumapeto lembani mayina a onse amene anagwira ntchito, ndi wogwira katoni yemwe. Gwirizanani polemba ndi woyimba kuti kanemayo akhala pa channel ya ndani, ndipo mulimbikitseni akalembetse nyimbo yake ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo m'Zambia. Musanatulutse, onerani kanemayo pa foni yaing'ono yotchipa, chifukwa ndi mmene anthu ambiri adzamuonere. Potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati document kuti asaphwanyike, ndipo pa YouTube ikani fayilo yochokera mu kompyuta, osati imene yadutsa m'magulu.